Kabati Imene Ndinkafesamo Kambuzi

Ndinadandaula koyamba Lolemba loyamba la mwezi wa Febuluwale, m'mawa, kwa mayi amene amakhala mu ofesi ya pansi pa nyumba zathu kuno ku Wigston, pafupi ndi mzinda wa Leicester. Ndinadandaula ndi pakamwa, kenako ndinakwera kukalemba zomwezo papepala, n'kutsika nalo kuti asayine kuti walandira. Pepala limenelo ndili nalo. Ndinadandaulanso Lachinayi la sabata yomweyo, ndiponso kumayambiriro kwa Malichi, ndipo kuchokera apo mapepala anachuluka mpaka fayilo yoyamba inakana kutsekeka. Nkhani yake inali yaifupi: kabati ya pakanjira kolowera kubafa inali itazizira.

Mayiyo anafunsa ngati madzi otentha akutuluka pampopi. Ndinati akutuluka. Anafunsa ngati mahita a m'zipinda akutentha. Ndinati akutentha. Anasiya kulemba, n'kundifunsa mofatsa kuti nanga chavuta n'chiyani. Ndinati kabati.

Nyumba zathuzi ndi za lendi, za anthu okalamba, aliyense ndi chipinda chogona, pabalaza, khitchini ndi bafa. Pamene ndinkalowa, m'kabati imeneyi munali thanki ya madzi otentha, yovekedwa chinsalu chofiira chonenepa ngati jekete. Pamwamba pa thankiyo panali mashelefu a timatabwa totalikirana, oyikapo mathaulo ndi nsalu zofunda kuti ziume bwino. Ukatsegula chitseko, mpweya wofunda unkakuwomba kumaso. Sunali wootcha ayi, unali ngati wa m'nyumba ya udzu masana a Okutobala, ndipo unkakhala chomwecho usana ndi usiku osasintha. M'menemo ndi mmene ndinkafesa tsabola wanga wa kambuzi chaka ndi chaka.

Kwathu ndinali mlangizi wa zaulimi ku Mchinji. Moyo wanga wonse wa pantchito ndinkaphunzitsa anthu kuteteza nazale ku dzuwa. Phimbirani ndi udzu, mangani kachisakasa, thirirani dzuwa lisanakwere ndiponso litapendeka. Palibe mlimi ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo mmene angatenthetsere dothi. Nditabwera kuno kutsatira mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino, ndinapeza kuti zonse n'zotembenuka. Nyengo yotentha ndi yaifupi, ndipo kambuzi sachedwa pang'ono. Ukadikira kuti kunja kufunde, amachita maluwa kuzizira kutabwerera kale. Uyenera kumufesa m'nyumba mu Febuluwale, kunja kukadali mdima ndi chisanu, ndipo njere yake siimera m'dothi lozizira. Imangokhala mpaka kuola.

Njere zoyamba ndinabwera nazo ndekha, za m'dimba langa. Dimbalo ndinasiyira mphwanga, amene anazula zonse n'kubzalamo tomato. M'masitolo a mu Leicester muli tsabola wa mitundu yonse, wautali, wofiira, wobiriwira, wina wofanana ndi kambuzi pamaso, koma ukamuswa fungo lake limakuuza kuti si iye. Ndiye mwezi wa Meyi ukafika, anamwino ndi anzawo osamalira okalamba, a kutchalitchi kwathu, ankabwera kudzatenga mbande, uyu ziwiri, uyu zitatu. Mbewu sindigulitsa. Ndinkangowauza zimene kwathu aliyense amadziwa, kuti ukapatsidwa mbewu uzisiyako chipatso chimodzi chikhwime, chiume, kuti ya mnzako ikadzalephera udzamubwezere. Onse ankavomera.

Chaka cha nkhaniyi chisanafike ndinagonekedwa m'chipatala chifukwa cha bondo, nthawi imene tsabola amafuna madzi kwambiri. Zomera zambiri zinauma. Njere zimene ndinapulumutsa sizinadzaze ngakhale supuni ya tiyi. Ndinaimbira aliyense amene anatengapo mbande. Onse anadya mpaka njere. Mayi wina anabwera ndi botolo la kambuzi woviika m'mafuta ophika, n'kunena kuti njere zilimo zambiri, ndingotola. Ndinathokoza, ndipo tsabolayo ndinadya.

Kenako mu Okutobala kunabwera amuna awiri otumidwa ndi eni nyumba. Anachotsa thanki ija, n'kumangirira bokosi loyera pakhoma la m'khitchini, loti limatenthetsa madzi nthawi yokhayo imene watsegula mpopi. Kalata yawo inati akukonza nyumba kuti zikhale zamakono. Anandisayinitsa kuti madzi otentha akutuluka, ndipo ndinasayina chifukwa ankatulukadi. Palibe anatchula za kabati. Inenso sindinaganizeko, poti mashelefu anali pomwepo, chitseko chinali pomwepo. Ndinadzazindikira mu Febuluwale, nditanyamula thireyi ya dothi, n'kupisa dzanja m'katimo. Munali zii, ngati m'mtsuko.

Njerezo ndinali nditazigawa kale pawiri, monga mlimi aliyense amachitira. Gawo loyamba linali kale m'dothi. Ndinaliika m'kabatimo ndithu, n'kukulunga thireyi ndi bulangeti. Ndikudziwa kuti bulangeti limasunga kutentha kumene kulipo, silipanga kwina. Koma mayi wa mu ofesi anali atandipatsa nambala ya dandaulo langa, ndipo ine ndinakulira m'boma: nambala ikatuluka ndiye kuti nkhani yalowa m'buku, munthu abwera.

Anabweradi, bambo wa zamipope, wa imvi m'mbali, waulemu. Anatsegula mpopi, n'kuikapo chala. Anagwira hita ya pabalaza. Kenako ndinamutsegulira kabati, ndipo tinaima tonse awiri kuyang'ana bulangeti.

"Muno mumayenera kukhala mofunda," ndinamuuza m'Chingerezi.

"Munali mofunda chifukwa thanki yakale inkataya kutentha," anatero. "Kumeneko kunali kutentha kotayika, bambo. N'chifukwa chake tinaichotsa."

"Kotayika kupita kuti?"

"Kunkangothawa m'thanki."

"Sikunkathawa. Kunkakhala muno. Ine ndinkakupeza muno tsiku lililonse."

Anakanda m'mutu. Anati akumvetsa, koma palibe chimene angakonze chifukwa palibe chawonongeka. Ndinamufunsa kuti chinthu chimene chinalipo, munthu n'kumachigwiritsa ntchito, lero palibe, amachitcha chiyani pantchito yawo. Anati sakudziwa. Analemba pa kamakina kake kuti palibe vuto lapezeka, n'kundipatsa kuti ndisayine ndi chala pagalasi. Ndinakana. Ndinati ndimasayina papepala, pamene pamatsala changa. Analibe pepala, choncho ndinamupatsa langa, ndipo analemba mawu omwewo ndi dzanja lake. Ndili nalo.

Mpaka lero mawu akuti kutentha kotayika amandizunguza mutu. Ngati kunali kotayika, ndiye kuti kunalibe mwini. Ngati kunalibe mwini, anakuchotsa ndi chilolezo cha ndani? Ndinafunsa funso limeneli m'kalata yachitatu. Yankho linabwera lonena kuti bokosi la m'khitchini likugwira ntchito bwino.

Patapita masabata ndinafukula ndi kamtengo ka machesi. Njere zinali zitafewa, zakuda, zonunkha chinyezi. Gawo loyamba linathera pamenepo.

Mwana wanga anadutsa akuchokera kuntchito, maso ali ofiira ndi tulo, n'kundipeza ndikutaya dothilo.

"Adadi, mukungodzisitiresa ndi zazing'ono. Ndikuodereni njere pa intaneti, mawa zifika."

"Za kambuzi?"

"Za tsabola. Wowawa ndithu."

"Amene unadyera nsomba kuno Lamlungu lija unamuoda pa intaneti?"

Anaseka, n'kukhala pampando osavula jekete. "Ndiye ingoikani pa hita basi. Bwanji mukukomplena za kabati pamene hita ilipo?"

Za hita ndinali nditayesa kale, ndi mphika wa dothi lopanda njere ndi kachipangizo koyezera kutentha. Masana dothi linkatentha moti likanaphika dzira, ndipo pofika m'bandakucha, hita itazima, linkazizira ngati mwala. Ndinayesanso pamwamba pa firiji, pafupi ndi kabokosi ka intaneti, ndi pambali pa botolo la madzi otentha lija timagona nalo. Zonse ndinalemba. Panalibe malo ndi amodzi omwe m'nyumba yonse amene ankafunda mofanana kuyambira m'mawa mpaka m'mawa wina. Ndinamuonetsa mapepalawo. Anawerenga mzere woyamba, n'kundipempha kuti ndimudzutse ikakwana nthawi yotenga ana kusukulu.

Ndili ndi mnzanga ku Evington, mmwenye wobadwira ku Limbe, amene anagulitsa nsalu moyo wake wonse, kwathu ndi kuno, mpaka ana ake anamulanda makiyi a sitolo kuti apume. Tinadziwana m'chipatala, pamene anandimva ndikung'ung'udza m'Chichewa za chakudya n'kundiyankha ali kuseri kwa katani. Ndinakwera mabasi awiri kupita kwa iye, osati kukapempha kanthu, koma kuti ndifotokozere munthu amene angamve kuti kambuzi n'chiyani.

"Alangizi, inu nkhondo yanu ndi ya kabati?" anatero ndisanamalize. "Anzanu akulimbana ndi shuga, inu mukulimbana ndi kabati."

"Inu kambuzi munadya chaka chatha, achimwene. Simunafunse kumene anamerera."

"Ndinadya, ndipo ndinalira. Dikirani."

Analowa kuchipinda chosungiramo katundu, ndipo ndinamva zinthu zikugwa. Anatuluka ndi kamphasa kakuda, kopyapyala, kokula ngati buku la kaundula, kali ndi chingwe cha magetsi. Anati kanali ka kamba wa mdzukulu wake. Kuno ana amaweta kamba m'nyumba, m'bokosi lagalasi, ndipo amamuyalira kamphasa kameneka kuti asazizidwe.

"Kambayo ali kuti?"

"Anamwalira."

"Ndi kamphasa komweka?"

"Ayi, anamudyetsa keke. Tengani, alangizi. Tsabola ndi kamba n'chimodzimodzi, onse ndi alendo kuno ngati ife."

Ndinakayesa masiku angapo ndi mphika wopanda njere. Kutentha kwake kunali kofatsa, kosasintha, kofanana ndi kwa kabati ija. Ndinafesa gawo lomaliza. Ndinathirira ndi madzi ofunda pang'ono, n'kuphimba ndi pulasitiki, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakutumula mame a pansi pa pulasitikiyo kuti dothi lisachite nkhungu. Sindinaike chiyembekezo chambiri. Koma m'mawa wina ndinaona kanthu koyera kopindika ngati mbedza katang'amba dothi, ndipo pofika madzulo kanali ndi anzake. Zinamera pafupifupi zonse.

Mbande ikamera imafuna kuwala, apo ayi imatalika n'kuwonda ngati ulusi. Ndinasamutsira kamphasa pazenera la pabalaza. Galasi la kuno limatulutsa kuzizira ngati khomo lotsegula, choncho ndinaimika katoni pakati pa galasi ndi thireyi kukamada, n'kutseka katani kumbuyo kwake, ndipo m'mawa ndinkachotsa. Masana ndinkatembenuza thireyi kuti zisaweramire mbali imodzi. Zinatulutsa masamba awiri oyamba aja, kenako kansonga ka tsamba lenileni pakati. Ndinayamba kuwerengera m'mutu amene adzalandire mu Meyi, ndi amene sadzalandira chifukwa anadya njere.

Ndiye kunagwa maliro ku Normanton, ku Derby. Anamwalira bambo wa kwathu ku Mchinji, amene ankagwira ntchito m'fakitale kumeneko, ndipo thupi linkadikira mapepala kuti lipite kumudzi. Ana ake anaimba foni kuti alibe wamkulu wa kwawo woti akhale nawo pasiwa ndi kuwayankhulira. Zimenezo munthu sakana. Ndinathirira mbande, ndinaimika katoni, ndinatseka katani, ndinasiya kamphasa kali koyaka ndi hita ya pabalaza ili pamene imakhala nthawi zonse. Ndinkati ndigona kumeneko usiku umodzi.

Potuluka ndinalowa mu ofesi kukatsazika. Palibe ananditumiza. Kwathu munthu sachoka pakhomo osauza amene watsala, ndipo amene wauzidwayo amadziwa kuti nkhuku ndi nazale zatsala m'manja mwake. Ndinauza mayi uja kuti ndapita kumaliro, ndipo ndasiya mbande zanga pazenera, pa kamphasa kofunditsa. Anandipepesa za malirowo, n'kulemba m'buku lake. Ndinatuluka mtima uli m'malo, poganiza kuti tsopano pali munthu wachiwiri amene akudziwa.

Chaka chimenecho chipale chofewa chinagwa mochedwa, ndipo chinatipeza tili pasiwa. Misewu inatsekeka, mabasi anaima. M'kanyumba kakang'ono ka mumdadada tinapanikizana amuna pabalaza, amayi kukhitchini ndi pamasitepe, tikuimba ndi kumwa tiyi. Usiku umodzi uja unakhala masiku. Mbande zinkandibwera m'maganizo, koma ndinkadziuza kuti dothi linali lonyowa bwino, kamphasa kakuyaka, ndipo ofesi ikudziwa.

Nditabwerera, kuzizira kunandilandira pakhomo penipeni. Hita inali itatsitsidwa mpaka pa kachizindikiro kongoteteza mipope kuti isaume ndi chisanu. Katani inali yotsegula, katoni itaikidwa bwinobwino pansi pambali pa mpando. Pulagi ya kamphasa inali itazulidwa, chingwe chitakulungidwa mwaukhondo, ndipo pamwamba pake panali kakhadi kosindikizidwa, konena kuti alowa m'nyumba mwanga ine kulibe ndipo azimitsa zipangizo zina pofuna kunditeteza. Mbande zinali zitagona zonse mbali imodzi, timitengo take titalowa madzi, masamba atada. Kamodzi kokha, ka pakati penipeni, kanali katawerama koma kasanagwe.

Ndinakhala pansi ndisanavule chipewa. Kenako ndinatsika ndi thireyi m'manja.

Mayi wa mu ofesi anagwira pakamwa ataiona. Anati iye sanalowe, analowa ndi woyang'anira nyumba. Anati lamulo lawo ndi lakuti wokhalamo akanena kuti wachoka, dzina lake limalembedwa, ndipo akapanda kubwera tsiku lotsatira amalowa kukazimitsa chilichonse chotentha kuopa moto.

"Ndiye ndikanapanda kutsazika?" ndinafunsa.

Anayang'ana m'buku lake. Anati akanapanda kudziwa, palibe akanalowa.

"Ndinakuuzani kuti pali mbande."

"Munandiuza, ndipo ndinalemba. Onani." Anatembenuza buku. Analembadi kuti pazenera pali chipangizo chotentha chimene chasiyidwa chili choyaka.

Pamenepa ndi pamene mutu wanga umaima mpaka pano. Mayiyo sananame, ndipo sanaiwale. Ndinanena, iye anamva, analemba. Mawu amene ine ndinanena kuti andisamalire ndi omwewo amene anawatuma kukazimitsa. Ndayesa kupeza pamene zinapatukira, ndawerenga mapepala onse mobwereza, sindikupapeza.

Woyang'anira nyumba anati iye anangotsata buku, ndiponso kamphasako kalibe sitika yosonyeza kuti kanayezedwa ndi wa zamagetsi. Ndinafunsa kumene sitikayo imapezeka. Anati wa zamagetsi amabwera kamodzi pachaka, koma amayeza zipangizo za eni nyumba zokha, osati za okhalamo. Ndinafunsa kuti nanga za okhalamo amayeza ndani. Anati ndilembere kulikulu. Ndinalemba. Kulikulu anayankha kuti apenda dandaulo langa ndipo apeza kuti bokosi la m'khitchini likugwira ntchito bwino. Ndinalembanso kuti sindikunena za bokosi, ndikunena za kamphasa. Anandipatsa nambala yatsopano, ndipo anatumiza bambo wa zamipope yemwe uja. Tinapatsana moni ngati anthu odziwana. Anatsegula mpopi, n'kuikapo chala.

Kambande kotsala kaja ndinakasamutsira m'kapu. Kamphasa ndinaopa kukayatsanso, chifukwa kakhadi kaja kanalinso ndi mawu akuti kugwiritsa ntchito chipangizo chosayezedwa kungakhudze pangano la lendi, ndipo pa msinkhu wanga sindingayambe kufunafuna nyumba. Ndinkayenda nako m'nyumba monse, m'mawa pazenera, masana pafupi ndi ketulo, madzulo pampando pambali pa hita. Sikanafe, komanso sikanakule kwa nthawi yaitali. Kanangokhala ndi masamba achikasu, ngati kakuganiza.

Mu Meyi mafoni anayamba kulira. "Agogo, mbande zathu zakonzeka?" Ndinkayankha kuti chaka chino palibe. Ena ankafunsa chifukwa, ndipo ndikayamba za thanki ndi kabati ankati ali pa shifiti, aimbanso. Mnzanga wa ku Evington anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto.

"Ndiye munawatsazika," anatero.

"Ndinawatsazika."

"Alangizi, ine zaka zonsezi ndimangotseka chitseko n'kumapita."

Chomeracho chinadzuka mochedwa kwambiri. Chinachita maluwa mu Seputembala, ambiri n'kuthothoka. Zipatso zinagwira ziwiri. Kuzizira kutabwerera masamba anayamba kugwa, ndipo ndinazithyola zisanapse bwino, chimodzi chitayamba chikasu, china chikadali chobiriwira. Ndinaziumitsa pa sosala. Njere zake ndi zochepa, zopyapyala, zotuwa, ndipo ngakhale ine amene ndaona njere moyo wanga wonse sindingathe kunena ngati zili ndi moyo. Zachepa moti sindingazigawe pawiri. Ndidzafesa kamodzi.

Mwana wanga akuti ndikafesere kwawo, koma nyumba yawo imakhala yozimitsa hita tsiku lonse onse akachoka, ndipo ali ndi mphaka amene amakumba m'miphika. Mnzanga wa ku Evington chaka chino akukathera miyezi yozizira kwa abale ake ku Blantyre. Njerezo zitsala ndi ine, m'nyumba muno, ndipo Febuluwale wayandikira. Choncho ndalembanso kwa eni nyumba, m'Chingerezi, ndipo mawu ake m'chinenero chathu ndi awa.

Ine wokhala m'nyumba yanu ku Wigston, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba, papepala losayinidwa ndi munthu amene ali ndi udindo. Chonde musatumize wa zamipope, pakuti mpopi ulibe mlandu. Ndiuzeni amene angayeze kamphasa kamagetsi kamene ndili nako n'kuikapo sitika, ndi kumene ndingamupeze. Ngati kamphasako simukalola ngakhale katayezedwa, ndiuzeni malo amodzi m'nyumba imene ndikukhalayi amene mukuvomereza kuti akhale ofunda usana ndi usiku kwa milungu yochepa, kuti njere imere. Ndiuzeninso ngati munthu woitanidwa kumaliro ayenera kutsazika ku ofesi kapena kuchoka mwakachetechete, ndipo akatsazika, chimene chidzachitikire zimene wasiya. Ndikupempha kuti yankho lindipeze mwezi wa Januwale usanathe.